Imfa ya Mayi Sizitheka

Mtembo unapezeka Lachinayi nthawi ili 6:40 m'mawa, m'kachipinda kosungiramo nyuzipepala zakale, kuseri kwa ofesi yolandirira malonda. Anaupeza ndi mayi wosesa, yemwe anakuwa mpaka mlonda kugeti anataya kapu ya tiyi. Pomakwana 7:15, Inspekitala wa polisi anali atagwada kale pambali pa mtembowo, bondo lake lamanzere likudandaula monga mwa masiku onse.

Kachipindako kanalibe zenera. Mbali zonse ziwiri kunali mashelefu achitsulo odzaza ndi mabuku akuluakulu a zikuto zakuda, momwe ankasokereramo nyuzipepala za chaka chilichonse. Pakati pa mashelefuwo panagona mayi wachikulire chafufumimba, bala lili kunkhongo. Chitsulo chopsinjira mapepala chinali poteropo, magazi atauma gwa.

"Adokotala akuti chiyani?" anafunsa Inspekitala.

Sajeni, mayi wamtali amene kuseka ankakuona ngati kutaya nthawi, anatsegula kabuku kake. "Akuti anamwalira dzulo pakati pa 4 ndi 6 koloko madzulo. Anamenyedwa kamodzi kokha, mochokera kumbuyo. Chikwama chilipo, foni ilipo."

"Ndiye si wakuba. Malemuwa ndi ndani?"

"Ndi amene amavomereza malonda olowa m'nyuzipepala. Pano onse amangowatchula kuti Mayi Sizitheka."

Inspekitala anatembenuza dzanja la malemuwo. Nsonga za zala zinali bii ndi fumbi. Anadzuka movutikira n'kuyendetsa maso pa mashelefu. Mabuku onse anali mbuu, kupatula limodzi la zaka zitatu zapitazo, lomwe msana wake unali ndi zidindo za zala. Analitsitsa n'kuyamba kuvundukula pang'onopang'ono, mpaka anafika pamene tsamba 13 ndi 14 panalibe. Silinang'ambidwe ayi. Linadulidwa mowongoka bwinobwino kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo m'mphepete modulidwamo munali moyera, pomwe pepala lonse linali litachita chikasu.

"Lembani tsiku la nyuzi imeneyi," anatero.

Mkonzi wa nyuzipepalayo anawalandira mu ofesi yake 8 koloko. Anali munthu wa mimba yake, wolankhula ngati akuwerenga ndemanga. Kunja anyamata ogulitsa anali atanyamula kale nyuzi ya tsikulo, pakuti nyuzipepala siidziwa maliro, ngakhale a mwini nyumba.

"Dzina limeneli analipeza bwanji?" anafunsa Inspekitala.

"Bwana, mayi aja anali mwala. Abwere munthu kuti akufuna atsikana okagwira ntchito kunja, iwo: 'Kalata ya boma ili kuti? Sizitheka.' Abwere wina ndi mafuta oyeretsa khungu m'masiku atatu: 'Sizitheka.' Makasitomala atithawa ambiri chifukwa cha iwo. Ine ndinkadandaula, sindibisa. Koma zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sitinapondepo kukhoti."

Analoza pepala lomatidwa pakhoma, lolembedwa ndi dzanja. Inspekitala anawerenga lamulo lachitatu mokweza: "Munthu wochitira umboni malonda aonedwe ndi maso ndi wantchito wa nyuzipepala ino, ajambulidwe, ndipo fomu isainidwe."

"Amakaona ndani?"

"Wojambula wathu. Uyo ali pakhondeyo. Timamutcha Musagwedezeke."

Wojambulayo anali bambo wa imvi, woonda, maso ali psuu ndi kulira. Anati malemuwo ndi amene anamupezera ntchito, ndipo ankawatenga ngati achemwali ake enieni. Kenako anapukuta mphuno n'kunena zomwe aliyense pamalopo ankafunitsitsa kunena. Dzulo cha m'ma 3:30 kunabwera telala wina atalusa, atanyamula kachidutswa ka nyuzi, akukuwa kuti, "Mwandiphera mkazi, nanunso muona!" Mayi Sizitheka anamulowetsa mu ofesi yawo n'kutseka chitseko. Palibe anamuona akutuluka.

"Nanga mayiwa atasowa madzulo, palibe anadabwa?"

"Tinamva kuti apita kunyumba, mutu ukuwapweteka," anayankha Mkonzi.

"Munamva kwa yani?"

Mkonzi anayang'ana kudenga. "Zinangomveka."

Inspekitala sankakonda mawu amenewo. Pa zaka makumi atatu za ntchito anali ataona kuti kandimverere amakanena za m'maluwa, komanso kuti nkhani iliyonse yongomveka ili ndi pakamwa pamene inayambira.

Atafika kusiteshoni 9:30, anapeza Bwana Wamkulu atachita kale zake. Telala anali m'chitokosi. Bwanayo anali wa mtundu uja wokonda milandu yotha dzuwa lisanalowe, makamaka ngati wophedwa ndi wa kunyuzipepala ndipo mafoni akulira.

"Anaopseza pagulu, analowa, sanaonekenso akutuluka. Mukufunanso chiyani?" anatero Bwana. "Mawa 9 koloko akaonekere kukhoti."

"Pali tsamba lodulidwa mowongoka, bwana."

"Ndiye mwandithandiza. Ndani amadula mowongoka kuposa telala?"

"Telala amadula ndi sizasi. Lija ladulidwa ndi lezala, motsatira rula. Lezalalo lakanda ndi tsamba lapansi lomwe."

"Inspekitala, musandiphunzitse kusoka. Mawa 9 koloko."

M'chipinda chofunsira mafunso munali tebulo, mipando itatu ndi fungo la anthu amantha. Telala anakhala atapinda manja pamiyendo, tepi yoyezera ikadali m'thumba la malaya. Sankaoneka wolusa tsopano. Ankaoneka ngati munthu amene sanagone milungu iwiri.

"Bambo, mawu aja munanenadi?"

"Ndinanena, bwana. Mtima unandipsa. Koma sindinaphe munthu."

"Yambani poyambira."

"Mayi akunyumba anadwala shuga zaka zisanu ndi zinayi. Mapilitsi a kuchipatala ankamwa, ndipo tinkakhala. Ndiye anaona ichi." Analoza kachidutswa ka nyuzi komwe Sajeni anaika patebulo. Panali botolo la mankhwala otchedwa Tsukamagazi, ndipo pambali pake bambo wa dazi akumwetulira, ali ndi kachipsera pamwamba pa nsidze. Pansi pake panalembedwa kuti: Ndinataya mapilitsi, lero ndine mfulu. "Ine ndinakana. Iwo anati nyuzi imeneyi sinama, malonda abodza saloledwamo. Anasiya mapilitsi mobisa. Tawaika m'manda milungu iwiri yapitayo. Ana atatu ali kwa aneba panopa, sakudziwa komwe ndili."

"Mutalowa mu ofesi, malemu anatani?"

"Ndinkayesa andithamangitsa. Koma anandipatsa mpando ndi madzi. Anatenga kapepalaka n'kukayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, 'Malonda awa ndinavomereza ndine. Koma nkhope iyi ikundivuta. Ndinaionapo pena pake, osati pa malondawa.' Anandipepesa, bwana, misozi ili m'maso. Anati ndibwerenso Lolemba. Ananditulutsira khomo lakuseri kuti anthu asandiseke."

"Nthawi yanji?"

"4 koloko isanakwane. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba. Mboni ndilibe."

Inspekitala anamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa, chifukwa chisoni si umboni. Munthu wopanda mboni, woti waopseza pagulu, akangolowa pakhomo la khoti pa mlandu wakupha amatha zaka ali pa rimandi, ana n'kukulira kwa aneba.

Mwini wa Tsukamagazi apolisiwo anamupeza 11:20, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya matayala. Ankadzitcha Pulofesa. Anavala jekete yoyera, ndipo kumbuyo kwake kunali mabotolo ambirimbiri a madzi ofiirira ndi ndowa yophimbidwa ndi thaulo.

"Dzulo kuyambira 4 mpaka 6 munali kuti?" anafunsa Sajeni.

"Zimenezo ndi zachinsinsi, mayi."

"Ndiye mukaziulule kusiteshoni. Nyamukani."

Pulofesa anatembenukira kutebulo lake. Anatsegula dirowa n'kutulutsa kabuku ka kuchipatala. Munali chidindo cha dzulo, ndi nthawi yomwe: anafika 3:10, anaonedwa 5:50. Sajeni anawerenga zomwe adokotala analemba, n'kumuyang'ana munthuyo kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Munali pamzere wolandira mapilitsi a shuga."

"Thupi lililonse lili ndi zofuna zake," anatero Pulofesa motsitsa mawu.

Inspekitala analakalaka kumumwetsa ndowa yonseyo, koma anangofunsa kuti, "Bambo wa dazi uyu amakhala kuti?"

"Anasamuka."

"Dzina lake?"

"Odwala anga ndi ambiri, bwana. Komatu a nyuzipepala anakamuona okha. Lamulo ndi lawo, fomu ndi yawo. Ine ndimangolemba mawu."

Anamusiya ndi wapolisi pakhomo, n'kubwerera kunyuzipepala. Mu kabati ya Mayi Sizitheka mafayilo anali m'ndondomeko ya zilembo, aukhondo ngati mbale za mlendo. Fayilo ya Tsukamagazi munalibe. Nthawi inali 1:45, ndipo zomwe anali nazo m'manja zinali zinthu ziwiri zosowa, tsamba ndi fayilo.

"Nyuzi yakale ija ingapezeke kwina?" Inspekitala anafunsa Mkonzi.

"Pakompyuta zinafufutika chaka chatha. Pokhapokha mufunse Amalume kumakina. Mkulu ameneyo sataya kanthu."

Chipinda cha makina osindikizira chinali pansi, chonunkha inki ndi mafuta. Amalume, nkhalamba yogontha khutu limodzi, anali akupukuta zitsulo ndi chisanza. Atamva tsiku lomwe likufunika, sanafunse chifukwa. Anakoka katoni pansi pa benchi, pomwe ankasunga kope yoyamba ya nyuzi iliyonse yomwe anasindikizapo.

"Yoyamba kutuluka m'makina amaiwerenga ndi Mayi Sizitheka, ataima pamene mwaimapo," anatero mokuwa. "Akati 'thamangitsani,' ndiye ndimathamangitsa, kope n'kusunga. Zaka zonsezi sindinayambepo popanda mawu awo. Dzulo lokha."

"Dzulo anakuuzani ndani?"

"A Musagwedezeke. Anatsika cha m'ma 5:15, akuti mayi apita, mutu wawavuta, anena kuti thamangitsani. Ndinadabwa, chifukwa mayi aja anabwerapo kuno ndi malungo, akunjenjemera."

Inspekitala anayala nyuziyo pabenchi n'kutsegula tsamba 14. Linali tsamba la mauthenga a maliro ndi zikumbutso, timabokosi ta mizere yakuda, nkhope zili ndandanda. Anayendetsa chala mpaka pa kabokosi kachitatu kuchokera pansi, n'kuika kachidutswa ka Telala pambali pake. Dazi lomwelo, kumwetulira komweko, kolala ya malaya yomweyo. Kachipsera kokha ndi kamene kanasamuka, kuchoka kumanzere kupita kumanja, chifukwa chithunzicho anachitembenuza. Pansi pake panalembedwa kuti: Atate, munatisiya mwadzidzidzi. Usani mumtendere.

Sajeni anaika dzanja pakamwa. Inspekitala anatembenukira kwa Amalume.

"Zithunzi za maliro zikatha ntchito zimapita kuti, Amalume?"

"Eni ake amayenera kudzatenga. Koma ofedwa ambiri sabweranso. Zimakhala kwa a Musagwedezeke."

Wojambula anali m'kachipinda kake, kumapeto kwa khonde, akupukuta kamera. Patebulo pake panali galasi lodulirapo, rula yachitsulo ndi kabokosi ka malezala. Ataona apolisi anayesa kumwetulira, koma milomo inakana.

"Tsegulani dirowa yapansiyo, bambo," anatero Inspekitala.

"Muli zinyalala zokhazokha, bwana."

"Ife ntchito yathu ndi ya zinyalala. Tsegulani."

Munali maenvulopu odzaza ndi zithunzi, agogo, azibambo a mataye, amayi a maduku, onse atavala zabwino, monga momwe abale amasankhira chithunzi cha munthu wawo womwalira. Kumbuyo kwa zina kunalembedwa ndi pensulo: shuga, BP, nyamakazi. Pansi penipeni panali fayilo ya Tsukamagazi, ndipo mkati mwake munali tsamba 14, lopindidwa kanayi mosamala.

Pomakwana 3:30 Wojambula anali m'chipinda chofunsira mafunso, pampando womwe panakhala Telala m'mawa. Inspekitala anayala tsambalo, kachidutswa kaja, ndi fomu yochokera m'fayilo.

"Werengani zomwe munasainira apa."

Wojambula anawerenga monong'ona. "Ndamuona ndi maso anga, ndamujambula, ndipo watsimikiza kuti mawuwa ndi ake."

"Tsiku la pafomupo ndi la chaka chino. Munthuyu anali atatha zaka ziwiri ndi theka m'manda. Munakamupeza bwanji? Munagogoda?"

Inspekitala anakankhira tsamba lija patsogolo pa Wojambula.

"Tsambali mukanaling'amba, bwenzi ndikuganiza za munthu wolusa wochokera kunja. Koma inu mwadula mapepala moyo wanu wonse. Mtembo uli pamapazi anu, munapita kukatenga rula."

Wojambula anayang'ana manja ake ngati ndi a munthu wina. "Dzanja linangochita lokha," anatero. "Buku la m'nkhokwe ya nyuzi zakale siling'ambidwa. Anandiphunzitsa ndi iwo omwe."

"Fotokozani."

"Zinayamba zaka zinayi zapitazo, bwana. Pulofesa anabweretsa mayina a anthu ochira, koma okhala kutalitali. Njinga yanga yamoto inali itafa. Iye anati, 'Mudzivutitsiranji? Nayi ndalama ya mafuta, pezani nkhope iliyonse.' Ndinaganiza zojambula munthu wa mumsewu, koma wamoyo amadzaona nyuzi n'kubwera kudzachita phokoso. Ndiye ndinatsegula dirowa ija. Akufa sawerenga nyuzi, bwana. Ndinkasankha a kumadera akutali, oti papita zaka, n'kutembenuza chithunzi. Ndinati kamodzi kokha. Kenako Pulofesa anandigwira pakhosi, akuti ndikasiya akaulula."

"Nkhope zingati?"

"Khumi ndi imodzi."

"Simunaganize kuti anthu asiya mankhwala?"

"Ndinkati ndani amakhulupirira za m'nyuzi?" Anaseka kuseka kowawa. "Ndinaiwala kuti yathuyi amaikhulupirira. Chifukwa cha iwo aja."

"Dzulo chinachitika n'chiyani?"

"Telala atapita, achemwali analowa m'nkhokwe. Cha m'ma 4:30 anandiitana. Ndinapeza buku lili lotsegula pa shelefu. Sanakalipe. Akanakalipa mwina bwenzi zili bwino. Anangoti, 'Achimwene, uthenga wa maliro uwu ndinaulandira ndine. Mwana wa bamboyu analira pa desiki yanga.' Ndinagwada, bwana. Ndinati chaka chamawa ndikupuma pantchito, ndili ndi zidzukulu, tingochotsa malondawo mwakachetechete. Iwo anati ayi. Anati aimitsa makina, achotsa nkhani ya patsamba loyamba, aikapo chipepeso ndi chenjezo kuti aliyense amene wasiya mapilitsi abwerere kuchipatala lero lomwe. Anati dzina loyamba kulembapo likhala lawo, poti anavomereza ndi iwo, lachiwiri langa. Ndinati, 'Achemwali, ndichitireni chifundo.' Munthu woti tadyera limodzi zaka makumi awiri. Anatembenuka kuti anyamule bukulo." Anapuma mwamphamvu. "Chitsulo chinali pa shelefu pomwepo."

"Kenako munatsika kukauza Amalume kuti athamangitse makina."

"Eya."

"Ndipo malonda aja atulukanso lero."

"Tsamba 9," anayankha, mwachizolowezi cha ntchito.

Inspekitala anadzuka. Pa ntchito yake anali atakumana ndi akupha aukali ndi akupha adyera, koma amene ankamunyansa kwambiri anali a mtundu uwu, anthu aulemu amene amapha kuti asachite manyazi. Anauza Sajeni kuti alembe zonse, atumize galimoto kwa Pulofesa, ndipo aimbire Mkonzi kuti chenjezo lija lituluke mawa pa pepala lapadera, afune asafune. Bwana Wamkulu atamva anangoti kukhosi khekhe, n'kunena kuti iyenso ankakayika kuyambira m'mawa.

Telala anamutulutsa 5:10. Anamubwezera lamba, nsapato ndi makiyi a shopu. Munthuyo sanasangalale, anangoima pakauntala akumanga lamba.

"Ndiye mayi aja anafera ine," anatero.

"Anafera ntchito yawo, bambo. Pitani kwa ana."

Telala anafika pakhomo, n'kubwereranso. "Bwana, pepani. Bambo wa pachithunzi uja mwamupeza? Ndikufuna ndingomuona. Ndimufunse ngati anachiradi. Mayi akunyumba anamumata pakhoma pafupi ndi bedi. Ankati, 'Taonani nkhope yake, munthu uyu sanganame. Ndikufuna ndidzakhale ngati iyeyu.'"

Inspekitala akanatha kunama, ndipo mtima unamuuza kuti aname. Koma munthuyu anali atanamizidwa kale mokwanira, ndipo mawa lake akanaziwerenga yekha.

"Bambo aja sananenepo mawu amenewo," anatero. "Anamwalira zaka zitatu zapitazo. Chithunzicho chinali cha pa uthenga wa maliro awo."

Telala anagwira chitseko. 

"Miyezi inayi," anatero potsiriza. "Miyezi inayi mkazi wanga akudzuka m'mawa uliwonse n'kumapempha Mulungu kuti akhale ngati munthu ameneyo."